GITALA LILEKE KULIRA PAMENE NDEU YABUKA

Makolo ambiri mu Chipata amaletsa ana ao akazi kupita kumene kuli magulu oimba, ndipo cifukwa cake n'codziwika. Ndeu imayambira kutsogolo, pafupi ndi oimba. Anyamata okhuta mowa amakankhana, wina wagwa, botolo lauluka, ndipo atsikana pamodzi ndi onse ocepa mphamvu amathawira kumbuyo, ngakhale kuti pakhomo analipira ndalama zofanana ndi anzao. Akulu ena a ku Kapata ndi ku Mchini amati colakwa ndi nyimbo zaphokoso. Mlandu suli pamenepo ai.

Phokoso si lacilendo m'Zambia. M'zaka za m'ma 1970 gulu la Ngozi Family la malemu Paul Ngozi, amene anamwalira mu 1989, linali kuliza magitala okalipa kotero kuti anthu akunja atamva cimbale ca Day of Judgement ca 1976 anaciyerekeza ndi nyimbo za punk. Gulu la WITCH linali ndi dzina lolonjeza cisokonezo, koma cimene anthu anali kulipirira ndico kuona Jagari Chanda akulumpha ndi kubvina pa nsanja. Ndiponso munthu amene anafikapo ku Mtenguleni pa Nc'wala kumapeto kwa February adziwa kuti gule angathe kukhala waukali popanda wobvulala. Amuna amaponda pansi ndi mphamvu, zishango ndi zibonga zili m'manja, amai ali pomwepo kuomba m'manja, koma cibonga sicigwera pa mutu wa mnzako cifukwa pali akulu oyang'anira bwalo.

Kumene nkhani imeneyi inabvuta kwambiri ndi ku America. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, acinyamata a ku Washington, Los Angeles ndi New York anakonda nyimbo zochedwa hardcore punk, zazifupi, zothamanga ndi zaukali. Kabvinidwe kake kanali kogundana mapewa patsogolo pa oimba, ndipo panali lamulo losalembedwa lakuti wakugwa adzutsidwe msanga. Koma posapita nthawi anyamata amphamvu anasandutsa malowo bwalo loonetserapo nkhonya, ndipo atsikana anayamba kucepa. Nyimbo zimene zinali kudzitama kuti n'za onse okanidwa zinayamba kukana anthu.

Ena mwa oimba omwewo ndiwo anaima nji. Gulu la Fugazi, limene linayamba kuimba ku Washington mu 1987, linali kulipiritsa madola 5 okha pakhomo ndi kulola anthu a misinkhu yonse kulowa. Woimba wake, Ian MacKaye, akaona munthu akupweteka anzake, anali kuimitsa nyimbo pakati, kulankhula naye pamaso pa onse, ndipo akacita makani anali kum'bwezera madola ake ndi kum'tulutsa. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1990, Kathleen Hanna wa gulu la Bikini Kill anali kuitana atsikana kuti abwere kutsogolo, anyamata asunthire kumbuyo. Amuna ena anam'tukwana kwambiri cifukwa ca ici, koma atsikana amene kale anali kusungira anzao majekete m'mbali mwa holo anayamba kuona oimba ndi maso ao.

Cimene oimba amenewa anazindikira cigwiranso nchito pa dansi ya ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi. Munthu wankhonya amabisala m'phokoso. Ng'oma ndi gitala zikangoti zii, maso onse amagwera pa iye, ndipo anzake omwe amayamba kum'dzudzula cifukwa waononga cisangalalo cimene analipirira. Wapolisi ali pakhomo sangathe kuona cimene cikucitika pakati pa khamu, koma woimba ali pamwamba amaona zonse, ndipo ndiye ali ndi maikolofoni. Alonda olembedwa ganyu amene amalowa m'khamu ndi zikoti, kumenya wolakwa ndi wosalakwa yemwe, amangothira parafini pa moto.

Malamulo alipo kale. Lamulo la mowa la 2011 liletsa kugulitsa mowa kwa ana osafika zaka 18. Lamulo la anthu olemala la 2012 likuti malo ofikako anthu onse akhale otheka kulowamo, koma ndi madansi angati amene amasiya malo patsogolo kuti wokhala pa njinga ya olemala aone oimba? Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo Khonsolo ya mzinda pamodzi ndi bungwe la National Arts Council, limene limalembetsa okonza madansi, angathe kufunsa mafunso otere asanapereke cilolezo: mowa udzagulitsidwa m'mabotolo kapena m'makapu? Makomo oturukira ndi angati? Kodi padzakhala dansi ya masana yopanda mowa kuti ana a sukulu nao akhale ndi kwao kobvinira?

Oimba ali ndi dandaulo lao, ndipo n'lomveka. Ambiri amalipidwa dansi itatha, cotero amaopa kuti akaleka kuimba cifukwa ca ndeu, mwini dansi adzawadula ndalama kapena kuwakaniza konse. Ici ndico cimacititsa mnyamata wa gitala kutseka maso ndi kupitiriza kuimba pamene mtsikana akupondedwa patsogolo pake. Motero pangano la pakati pa oimba ndi mwini dansi lilembedwe momveka kuti gulu loimba lili ndi ufulu wa kuimitsa nyimbo kufikira bata litabwerera, ndi kuti malipiro ake sadzadulidwa ngakhale ngwee imodzi. Khonsolo ione pepala limenelo isanadinde cilolezo.