Galu wamkota sakandira pachabe

Abusa John Russell a ku Devon, m'dziko la England, anabadwa mu 1795 namwalira mu 1883. Mu 1819, akuphunzira ku Oxford, anagula galu wamkazi, Trump, kwa wogulitsa mkaka. Kuchokera kwa galuyu anaweta agalu aang'ono oyera, olowa m'dzenje kukavumbulutsa nkhandwe popanda kuipha. Ngakhale anali mmodzi mwa oyambitsa Kennel Club mu 1873, agalu awo sankawapititsa ku zionetsero, pakuti kwa iwo galu ankayesedwa pa uzimba.

Lero ambiri amagula agalu a Jack Russell pokopeka ndi maonekedwe, kenaka n'kumawakalipira akakumba pabwalo. Wolakwa ndi mwini. Paja akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Wofuna galu wa dzinali ayenera kulandiranso ntchito imene Abusawo anamuwetera.