Tisataye makompyuta akale, mapulogalamu a ufulu alipo

Akonzi,

Ndikufuna kulankhula ndi anzanga a kumudzi, makamaka abusa, ansembe ndi aphunzitsi aakulu amene sukulu ndi maofesi awo analandira makompyuta kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kupereka chisamaliro chanthawi zonse pa Windows 10, pulogalamu imene imayendetsa makompyuta ambiri a mphatso aja. Windows 11 imene inalowa m'malo mwake imafuna zipangizo zamakono, ndipo makompyuta ambiri akale alibe. Sikuti kompyuta imafa tsiku lomwelo ayi, koma mbava zikapeza polowera, wotseka pamenepo palibe. Ogulitsa adzati tigule zatsopano. Nanga ndalama zake zichokera kuti, poti makompyuta amagulidwa kunja ndipo kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023?

Akonzi, njira ina ilipo. Pulogalamu ya kompyuta ndi malangizo olembedwa ndi anthu ouza makinawo chochita. Makampani ambiri amabisa malangizowo, ndipo chimene timagula ndi chilolezo chabe chogwiritsa ntchito. M'chaka cha 1983 katswiri wa ku America, a Richard Stallman, anayambitsa ntchito yotchedwa GNU pofuna kuti munthu akhale ndi ufulu unayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu mmene afunira, kuona mmene inalembedwera, kugawira anzake, ndi kuikonza n'kugawanso zimene wakonzazo. Mu 1991 mnyamata wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, analemba Linux, imene posakhalitsa anaitulutsa pa malamulo omwewo, ndipo anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana akhala akuiwongolera mpaka lero.

Mlimi aliyense aimva nkhaniyi. Chimanga cha makolo timasankha ngala zabwino, kusunga, kugawirako mnansi, n'kubzalanso chaka chamawa osapempha chilolezo kwa munthu. Chimanga cha haibulidi chimabereka bwino, sindikutsutsa, koma chaka ndi chaka umabwerera kusitolo, ndipo mtengo amakuuza ndi mwini wake. Mapulogalamu ndikunenawa ali ngati mbewu ya makolo. M'Chingerezi liwu limodzi limatanthauza ulere komanso ufulu, ndiye azungu amasokonezeka nalo. Ife tili ndi mawu awiri, ndipo chachikulu pano ndi ufuluwo.

Wina angaganize kuti chinthu chogawana chotere n'chachabechabe. Foni ya Android imene ili m'thumba mwa mwana wanu maziko ake ndi Linux. Mu 2004 munthu wa ku South Africa, a Mark Shuttleworth, anatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kugwiritsa ntchito nautcha Ubuntu, liwu limene kwathu kuno timati umunthu. Palinso LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama, yosalipira chilolezo. Mitundu ina ya Linux inapangidwira dala makompyuta akale ochepa mphamvu.

Ngakhale kuno kwathu zinthuzi zikutithandiza kale. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za odwala, katemera ndi uchembere kuchokera m'maboma pogwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu ya ufulu imene ntchito yake imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo maiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito. Ku Neno bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likusunga mbiri ya odwala mu OpenMRS, imene inayamba mu 2004. Taganizani, Akonzi, chikhala kuti chipatala chilichonse chimalipira chilolezo m'madola chaka ndi chaka, mankhwala tikanagula ndi chiyani?

Phindu lina n'lakuti ndalama zimatsala m'dziko. Pulogalamu yotsekedwa ikavuta timadikira mwini wake wa kutsidya kwa nyanja. Yotseguka angathe kuikonza mwana wathu wophunzira ku MUBAS kapena ku Mzuzu, malipiro ake n'kudyedwa konkuno. Angathenso kuimasulira m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao popanda kugwadira aliyense. Ndi olemera omwe aiona mfundoyi: mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linagamula zosamutsira makompyuta ake pafupifupi 30,000 ku LibreOffice, ati pofuna kudziimira paokha.

Komabe walira mvula walira matope. Pulogalamu ingakhale yaulere, koma magetsi, intaneti ndi munthu wodziwa kukonza zimafuna ndalama. Mzinda wa Munich ku Germany komweko unasankha Linux mu 2003, koma mu 2017 khonsolo yake inavota zobwerera ku Windows. Mu 2014 kunapezeka vuto lalikulu lotchedwa Heartbleed mu pulogalamu ya OpenSSL imene imateteza zinsinsi pa intaneti, ndipo zinadziwika kuti chinthu chodaliridwa ndi dziko lonse chinkasamalidwa ndi anthu owerengeka okha. Mjigo wa m'mudzi ndi wa tonse, koma popanda komiti ndi kathumba kogulira zipangizo umafa, amayi n'kubwerera kudambo.

Choncho pempho langa lili patatu. Kwa abusa, ansembe ndi makomiti a sukulu: musanataye kapena kutsekera m'sitolo kompyuta yakale, itanani wachinyamata wodziwa kuti aone ngati ingalandire Linux. Ayambe wakopera pena mabuku a ubatizo, a maukwati ndi zotsatira za mayeso, chifukwa poika pulogalamu yatsopano zakale zimatha kufufutika. Kwa opereka mphatso: musatipatse makina okha, phunzitsaniko anthu awiri kapena atatu a pamalopo. Kwa boma: ana a sekondale aphunzire kulemba kalata ndi kuwerengera pa kompyuta ina iliyonse, osati kuloweza mabatani a kampani imodzi, ndipo pogula mapulogalamu a m'maofesi muzifunsa kaye ngati a ufulu sangagwire ntchitoyo.

Ine ndagwira choko zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti mwana amene wangoloweza yankho amasowa chochita funso likasintha. Dziko limene limangogula zotsekedwa osadziwa za m'kati mwake lili ngati mwana ameneyo.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.