Malo ochepa, ndalama zochepa, koma anthu akukuwa

Aliyense amene anayendapo pa Highway 400 kuchoka mu Toronto kulowera kumpoto amadziwa malo amene ana amasiya mafoni n'kukakamira pawindo la galimoto. Ndi pa Vaughan paja, pomwe njanji za Canada's Wonderland zimaonekera patali ngati mapiri a zitsulo. Miyezi ino pakiyo ndi yotseka, njanji zangoti zii mu sinowo, ndipo zidzayambanso phokoso kunja kukafunda. Pakadali pano ana athu ali m'nyumba, dzuwa likulowa cha m'ma 5 koloko, ndipo makolofe tikakumana kutchalitchi funso ndi lomwe lija: zamakompyutazi tiwaletse kapena tingowasiya?

Zoletsa ine sindikhala nazo mphamvu, abale anga. Chomwe ndingakuuzeni mwezi uno ndi gemu imodzi yakalekale imene ndikuona kuti ndi yoyenera kukhalira pansi limodzi ndi mwana. Dzina lake ndi RollerCoaster Tycoon. Inatuluka mu 1999, ndipo anailemba ndi munthu wa ku Scotland, Chris Sawyer, pafupifupi yonse m'chilankhulo cha kompyuta chovuta zedi chotchedwa assembly. Yachiwiri yake inabwera mu 2002, ndipo kuyambira 2014 anthu ongodzipereka akhala akuikonza kuti iziyenda pa makompyuta a masiku ano, pa dzina loti OpenRCT2. Ndi yopepuka moti ngakhale laputopu yotopa ija munaiponya m'kabati imaikwanitsa. Mwana atha kusewera yekha popanda intaneti, opanda alendo omulankhula, ndipo palibe chomwe gemuyo imamuuza kuti akapemphe khadi ya amayi ake.

Nkhani yake ndi yosavuta kumva. Amakupatsa malo, ngongole ya kubanki, ndi chiwerengero cha anthu amene uyenera kukopa nthawi isanathe. Paki yoyamba, Forest Frontiers, imafuna alendo 250 pofika kumapeto kwa Okutobala wa chaka choyamba. Umamanga njira, zimbudzi, malo ogulitsira chakudya, umalemba osesa ndi amakaniko. Koma mtima wa gemuyo ndi roller coaster, kasitima kaja kokwera ndi kutsika panjanji yopindikapindika, ndipo umakamanga wekha chidutswa ndi chidutswa. Chidutswa chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo ukamakwera m'mwamba mtengo umakweranso chifukwa cha nsanamira zochirikiza njanjiyo.

Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 11, atangoigwira anati amanga Leviathan. Kwa inu amene muli ku Johannesburg kapena ku Manchester, Leviathan ndi chinjanji chachikulu kuposa zonse pa Wonderland: chinatsegulidwa mu 2012, kutalika kwake ndi mamita 93, ndipo sitima yake imafika pa liwiro la makilomita 148 pa ola. Mnyamata anakweza tcheni mpaka kumitambo, anatsitsa njanji kamodzi, ndalama n'kutha. Njanji yosabwerera pa siteshoni gemu siilola kuti itsegulidwe. Ndiye chinangoima pakati pa paki, osabweretsa ngakhale tambala, banki ikudula chiwongoladzanja, osesa akulandira malipiro awo. "Adadi, gemu iyi ndi yakuba," anatero. Si yakuba. Ikungowerenga.

Pali kalamulo ka sayansi kamene ndinamuonetsa papepala, ndipo n'koyenera kholo lililonse likadziwe lisanakhale pampando. Roller coaster yamtundu wamba ilibe injini. Tcheni chimaikokera pamwamba pa chitunda choyamba, basi, kuchokera apo ndi kugwa kokhakokha. Chinthu chikagwa mamita 20 chimafika pa liwiro la makilomita pafupifupi 70 pa ola. Kuti liwirolo liwirikize kawiri, kufika 140, msinkhu uyenera kuwirikiza kanayi, mamita 80. Mukuona mmene ndalama zimathera? Ulipira zitsulo zochuluka kwambiri kuti ugule liwiro lowonjezera pang'ono. Ndipo liwiro lalikulu limafuna makhota otambalala, apo ayi anthu athyoka makosi, ndiye malo nawonso amadyeka. N'chifukwa chake Leviathan yeniyeni inadya madola opitirira 25 miliyoni, ndipo njanji yake imakafika mpaka cha ku chipata cholowera.

Gemuyo ikayesa njanji yako imakupatsa manambala atatu: chisangalalo, ukali, ndi mseru. Loyamba ndi limene limakulola kukweza mtengo wa tikiti. Lachiwiri likadutsa 10, anthu ambiri amafika pakhomo, kuyang'ana, n'kubwerera, ndipo chisangalalonso chimatsika. Lachitatu mumalidziwira pa njira yotulukira, pomwe osesa ako amachezera ntchito. Mwana amayamba ndi maganizo oti chachikulu ndi choopsa ndiye chabwino, koma manambala atatuwa amamukaniza mwakachetechete, opanda kumukalipira, mpaka amayamba kufunsa funso lina: ndi ndalama zomwe ndili nazozi, pa kamalo aka, ndingawakuwitse bwanji anthu?

Yankho lili pa Vaughan pomwepo, kungoti timalidutsa tikuthamangira zikuluzikulu. Pali kanjanji kotchedwa The Fly, komwe kanatsegulidwa mu 1999, chaka chomwe gemuyi inatuluka. Mtundu wake azungu amautcha wild mouse, mbewa yakutchire, ndipo Mchewa aliyense akamva dzinalo amayamba kaye waganiza za mpani wa m'mbali mwa msewu wa M1. Timagalimoto take timanyamula anthu anayi okha. Sikafika ngakhale theka la liwiro la Leviathan. Chinsinsi chake ndi makhota: akuthwa, osapendekeka, oyalidwa mopita uku ndi kubwerera uku pamwamba penipeni, pomwe kagalimoto kamaoneka ngati kadutsa njanji kasanakhote. Thupi lonse limakankhidwira m'mbali ndipo mtima umati myuu. Amene munatsikapo pa Khwekhwelere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti mu minibasi ya dalaivala wachinyamata mukudziwa zimene ndikunena. Ine ndamvapo azibambo a ndevu akuitana amayi awo pa The Fly, anthu omwewo amene anatsika Behemoth akuseka.

Mu gemu, mbewa yotereyi imakwana pa kamalo kakang'ono chifukwa njanji imadzipinda yokha, ina pamwamba ina pansi, ngati mmene amayi amapindira chitenje m'sutikesi yopita kumudzi. Umakweza tcheni pang'ono, umayala makhota pamwamba pomwe liwiro likadali lochepa, kenako timitunda tating'ono pansi pake, mabuleki, siteshoni. Ukalakwitsa n'kuika khota losapendekeka pansi pa chitunda, pomwe kagalimoto kakuthamanga, nambala ya ukali imalumpha ndipo palibe akwera. Khota lomwelo, malo osiyana. Mwana wanga anagwetsa ndi kumanganso kanayi asanazindikire zimenezi, ndipo ine ndinangokhala chete dala.

Njira ina yosungira malo ndi kugwiritsa ntchito njanji imodzi kawiri. The Bat, yomwe ili pa Wonderland kuyambira 1987, ndi ya mtundu wa Boomerang wa kampani ya Vekoma ya ku Netherlands. Sitima imakokedwa chambuyo kukwera chitunda, imasiyidwa, imadutsa pa siteshoni mwaliwiro, imatembenuzika katatu, imakwera chitunda chachiwiri, kenako imabwerera chammbuyo njira yomweyo. Njanji yosakwana mamita 300, koma wokwera wazondoka kasanu ndi kamodzi. Mapaki ambiri padziko anagula Boomerang pa chifukwa chomwechi: ndi yotsika mtengo ndipo imakwana pa kamalo. Gemu ili ndi m'bale wake wotchedwa Shuttle Loop, siteshoni, chizungulire chimodzi ndi kamtunda, ndipo osewera akale amaidziwa ngati ng'ombe ya mkaka pamene thumba lili lopyapyala. Koma walira mvula walira matope. Njanji yopita ndi kubwerera imalola sitima imodzi yokha, ndiye mzere wa pa The Bat umayenda ngati wa pachigayo tsiku la Loweruka.

Apa ndi pomwe gemu imasanduka phunziro la bizinesi. Ndalama sizibwera chifukwa cha kukongola kwa njanji, zimabwera ndi kuchuluka kwa anthu amene adutsa pa chipata pa ola. Ulendo wautali umasunga anthu ochepa nthawi yaitali, ena akutopa pamzere n'kuchoka. Ulendo waufupi wokhala ndi timagalimoto tambiri umalowetsa makobidi mosalekeza. Mu gemu yachiwiri muli mabuleki ogawa njanji m'zigawo, kuti sitima zingapo ziziyenda nthawi imodzi osagundana, monga zimachitikira m'mapaki enieni. Kondakitala aliyense wa pa depoti ya Lilongwe akhoza kukuphunzitsani masamu omwewa: maulendo afupiafupi odzaza amaposa ulendo umodzi wautali.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'choti gemuyo imapereka mamalikesi aulere kwa womanga mothinana. Njanji ikadutsa pafupi ndi madzi, pansi pa njira ya oyenda pansi, m'phanga kapena pafupi ndi njanji inzake, chisangalalo chimakwera popanda kuwonjezera msinkhu. Si nthano za pakompyuta zokha. Vortex, ya mu 1991, imayambira pa phiri lochita kupanga la Wonder Mountain n'kumakalendewera pamwamba pa madzi. Yukon Striker, ya mu 2019, imakuimika kaye pamphepete masekondi angapo ukuyang'ana pansi, kenako imagwa choongoka kulowa mu una wa pansi pa dziwe, pakatikati pa khota la Vortex. Liwiro munthu amalimva pamene chinthu chamudutsa pafupi ndi mutu. Kuthinana kumene poyamba kumaoneka ngati vuto ndi kumene kumapanga ulendowo kukoma.

Ndisakunamizeni kuti chaching'ono chilichonse chimapambana. Mu gemu yachiwiri mtundu uliwonse wa roller coaster uli ndi zofunika zake, monga kutalika kwa chitunda chachikulu kapena kuchuluka kwa malo otsika, ndipo ukaumira mopitirira n'kulephera kuzikwanitsa, mamalikesi amadulidwa kwambiri. Kuumira kuli ndi malire ake. Komanso njanji ikamakalamba anthu amayamba kudandaula mtengo, ndiye uyenera kutsitsa tikiti kapena kumanga china.

Tsopano ndinene chimene chinandikhudza ine, wamkulu. Chinjanji chosatha cha mwana wanga chija ndinachizindikira. Ndachiona ku Area 49, ndachiona ku Chileka ndi ku Mpemba: nyumba za zipinda zisanu ndi chimodzi zomwe zinaima pawindo, udzu ukumera pabalaza, njerwa zikudyedwa ndi mvula chaka ndi chaka. Zambiri ndi za ife a kunja kuno. Pulani timaijambula ndi maso a anthu amene adzabwere kudzaona, osati ndi thumba la munthu wogwira mashifiti awiri ku Brampton amene akulipiranso lendi ya kuno. Kwacha ikagwa, monga inagwera mu Novembala 2023, mtengo wa simenti umathawa, ndipo nyumba yosafolera sibweretsa lendi, imangodya ndalama za mlonda. Mlongo wina wa kutchalitchi kwathu anayamba ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa poloti, anaikamo munthu, lendi yake ndi imene ikugula njerwa za nyumba yaikulu. Sanasewerepo gemu iliyonse, koma anamanga mbewa kaye.

Ana athu obadwira kuno saona ndalama. Amaona khadi ikugunda pa kamakina, n'kumva kulira kwake. Ife tinakula tikupanga galimoto za mawaya, ndipo waya akatha, galimoto inkathera pomwepo, kapena unkachepetsa bodi kuti matayala akwane. Gemuyi ndi malo amodzi mwa ochepa amene ndaona mwana wa ku Canada akuwerengera chuma chake asanayambe ntchito, akugwetsa chimene wamanga yekha chifukwa sichikubweza. Ndipo popeza mawu ake ndi ochepa, kwathu tinapangana kuti pa gemuyi timalankhula Chichewa chokha. Kwera, tsika, khota kumanja, ngongole, phindu, zatha. Mlongo wake wamng'ono, amene Chichewa chake chinali "zikomo" ndi "ndakhuta", tsopano amaima kumbuyo kwa mpando n'kumakuwa kuti "Achimwene, mabuleki!"

Chenjezo limodzi. OpenRCT2 ili ndi pobisalira pomwe munthu amatha kudzipatsa ndalama zopanda malire, ndipo ana amapapeza msanga kuposa mmene amapezera nsapato zawo m'mawa. Akangopatsegula, zonse ndanenazi zapita. Kwathu lamulo ndi loti ameneyo ndi katangale ndipo wopezeka atsuka mbale sabata yonse. Musadabwenso mukamva kuseka kwachilendo kuchipinda: mwana aliyense, tsiku lina, amamanga njanji yothera m'malere kuti aone chimene chichitike. Sitima imagwa, alendo amachita mantha ndi njanjiyo, mbiri ya paki imatsika, ndipo iye amatsala ndi ngongole.

Mwana akamaliza Forest Frontiers, m'patseni Dinky Park, kapaki kopanikizika komwe malo ndi amene amayamba kutha. Akadzitama kwambiri, pali Micro Park, yomwe ili kumapeto kwa mapaki owonjezera a Loopy Landscapes, kamalo konga dimba la kuseri kwa nyumba. Ife tili pa Dinky Park sabata yachitatu. Tagwirizana kuti pakiyo ya pa Vaughan ikadzatsegula, mzere woyamba ndi wa The Fly, ndipo mnyamata akuti adzawerenga makhota ake ndi kuyeza nthawi pa wotchi, chifukwa sakukhulupirira kuti yawo imanyamula anthu ambiri pa ola kuposa yake.