Chinsinsi Sichili Kumwamba

Dzuwa likapendeka, ntchito ya m'zigafa ikatha, anyamata a kuno kwa Lukwa amathamangira ku nyumba zoonetsera kanema, ndipo amene ali ndi foni amaunjikana patsinde pa mtengo, mitu pamodzi ngati nkhuku pa madeya. Mwa zimene amakonda kuonera muli nkhani za zolengedwa zochokera ku nyenyezi. Nthano yake ndi imodzi ngakhale maina asinthe: chombo chagwa m'chipululu cha ku America, asilikali achitola usiku nachibisa pansi pa nthaka pamodzi ndi makina ake odabwitsa, ndipo munthu mmodzi wolimba mtima akusakidwa chifukwa waona zimene sadayenera kuona. Ndi mmene iliri The X-Files imene idayamba mu 1993. Ndi mmenenso Independence Day ya 1996 imaonetsera malo a asilikali otchedwa Area 51.

Sitidana nazo nthano. Tidakulira za Kalulu ndi Fisi, ndipo palibe adapenga nazo. Chimene tikutsutsa ndi phunziro limene akanemawa amasiya m'mitu ya ana athu, lakuti chinsinsi cha akuluakulu chimakhala chachilendo, chonyezimira, chotsika kumwamba. Phunziro limeneli nlabodza, ndipo nkhani imene idabala akanema onsewa ikutichitira umboni.

Mu 1947, pafupi ndi tauni ya Roswell ku New Mexico, padagwa zidutswa za chinthu china. Asilikali adayamba alengeza kuti ndi chombo chouluka chooneka ngati mbale, kenaka nkusintha mawu kuti ndi chibaluni choyezera nyengo. Adanama, nzoona. Koma mu 1994 gulu la nkhondo la mumlengalenga la dzikolo lidaulula chimene chinkabisidwa: zibaluni za ntchito yotchedwa Project Mogul, zomvetserera ngati Soviet Union ikuyesa mabomba a nyukiliya. Chimodzimodzi Area 51: mu 2013 zikalata za bungwe la CIA zidaonetsa kuti kumeneko ankayeserako ndege yaukazitape ya U-2. Chobisika chidalipo ndithu, koma chidali cha anthu anzathu, ochita mantha ndi anthu anzawo.

Akulu adati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tiyeni tsono tiyang'ane fodya weniweniyo, amene timafesa pa nazale, kupalira ndi kusoka ndi manja athu. Pa 14 April 1994 akuluakulu asanu ndi awiri a makampani a ndudu adaimirira pamaso pa aphungu a ku America, nalumbira kuti iwo sakhulupirira zoti chikonga chimamanga munthu kuti alephere kuleka kusuta. M'chaka chomwecho mapepala a kampani ya Brown & Williamson adatuluka poyera, ndipo adaonetsa kuti eni ake ankadziwa zimenezi chiyambire 1963. Adawatulutsa ndani? Sadali ngwazi ya mfuti yothawa ndege usiku ayi. Adali Merrell Williams, munthu wolembedwa ganyu yosanja mapepala mu ofesi ya maloya, amene adawerenga zimene adapatsidwa kuti asanje. Pofika 1998 makampani adavomera kulipira madola 206 biliyoni ku zigawo 46 za dzikolo. Ife olima tsambalo tidamva liti? Mu 2009 bungwe la Plan lidalengeza kuti mwana wogwira fodya wonyowa m'minda ya muno m'Malawi angathe kumwa kudzera pakhungu chikonga chofanana ndi ndudu 50 pa tsiku. Chizungulire ndi nseru zimene tinkaziyesa malungo zidali ndi dzina, ndipo dzinalo lidali m'mabuku a madokotala kalekale.

Koma ife a ku Kasungu sitisowa kuoloka nyanja kuti tidziwe kubisa kwa boma. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. A Gadama adali mwana wa kuno kwathu. Dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Mabokosi sadatsegulidwe kuti abale aone nkhope, monga mwambo wathu ufunira, ndipo amene adali akulu masiku amenewo akukumbukira mmene anthu ankayankhulira za malirowo, mawu otsitsa, maso kuchitseko. Padapita zaka khumi ndi chimodzi. Mu 1994 boma latsopano lidakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza a Michael Mtegha, ndipo bungwelo lidapeza kuti anthu anayiwo adaphedwa ndi apolisi, galimoto nkukankhidwira kuphedi kuti ioneke ngati ngozi. Pa mlandu umene udatsatira, khoti lidamasula Dr Banda ndi a John Tembo mu December 1995, kotero funso la amene adalamula silidayankhidwe ndi chigamulo. Koma bodza la ngozi lidafa, ndipo adalipha ndi mboni zimene zidakhala pa mpando mmodzimmodzi, kunena tsiku, malo ndi zimene maso awo adaona. Kodi mwa anyamata amene amaloweza za Area 51, ndi angati angatchule maina anayiwa?

Wina adzati akanemawa amaphunzitsa ana kusakhulupirira msanga mawu a akuluakulu, ndipo kutero nkwabwino. Tikadavomera kukadakhala kuti kukayika kwake kumafuna umboni. Koma mu kanema kusowa kwa umboni ndiko kumasanduka umboni: ukapanda kupeza chombo, ndiye kuti achibisa bwino. Munthu woleredwa ndi maganizo otere sakayika kanthu, amameza zonse. Tidaziona mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe: anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake, ndipo aliyense wokana mphekeserayo ankatchedwa mnzawo wa opopa magazi. Sitikunena kuti akanema ndiwo adapha anthuwo. Mphekesera zotere nzakale kuposa mafoni. Tikunena kuti kaganizidwe kake nkamodzi.

Pakali pano mabelo a fodya akupitabe ku okushoni ya ku Chinkhoma chaka ndi chaka, ndipo mlimi amabwerako ndi pepala lolembedwa giredi, kulemera, mtengo ndi ndalama zodulidwa. Ambiri a ife timalipinda kanayi nkuliika m'thumba osaliwerenga. Mnyamata amene ali ndi maso otha kutsata kanema wa maola awiri m'chilankhulo chachilendo akhale pakhonde ndi bambo wake madzulo ano, awerenge pepalalo mzere ndi mzere, ndipo pamene sakumvetsa afunse kalaliki wa kalabu kuti ndalama iyi idadulidwa chifukwa chiyani.