Mafinya a m'Mphako za Mphuno: Nthawi Yoyenera Opaleshoni

M'chaka cha 2023 bungwe la zaumoyo la Boma la America, lotchedwa CDC, linalengeza kuti ana odwala mafinya m'kati mwa mutu anachuluka koposa m'mwezi wa December 2022, pamene chimfine chinawanda m'dzikomo. Mwa ana ena nthendayi inayambira m'timphako ta mafupa a nkhope, timene timatsegukira m'mphuno. Mbiri imeneyi ndi phunziro kwa makolo a kuno kwathu, pakuti mafupa a mwana ndi amodzimodzi m'dziko lililonse.

Chimfine chikatupitsa njira za m'mphuno, mamina atsekeka m'timphakoto, ndipo tizilombo tiswana m'menemo. Ana ochuluka achira okha, kapena ndi mankhwala akumwa. Koma fupa lolekanitsa timphako tina ndi diso n'lopyapyala ngati pepala, kotero mafinya angathe kudutsa ndi kusonkhana m'mbali mwa diso, kapena kukwera kufikira ku ubongo.

Nanga mpeni ufunika liti? Si poyamba ayi. Madokotala ayamba ndi mankhwala a mumtsempha, nayang'anira mwanayo tsiku limodzi kapena awiri. Ana osakwana zaka 9 kawirikawiri achira ndi mankhwala okhawo. Opaleshoni ichitika ngati diso layamba kuchita mdima, ngati mafinya achuluka, kapena ngati afika m'mutu. Kale, m'njira ya Caldwell ya 1893, ankaboola fupa podzera kunsi kwa mlomo wapamwamba. Chiyambire ntchito ya Messerklinger ku Graz, m'dziko la Austria, m'zaka za m'ma 1970, madokotala alowetsa kachubu kounikira m'mphuno natsegula njira yotulukira mafinya, kawirikawiri osasiya chipsera pankhope.

Ntchito yotere ifuna akatswiri, ndipo m'Malawi akatswiri a makutu, mphuno ndi kukhosi ndi owerengeka. Chifukwa chake Boma lakonza kuti odwala kwambiri azitumizidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono kupita cha m'boma, ndi kuchokera uko kunka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Ulendowu udya nthawi, ndipo diso lopanikizidwa ndi mafinya lingathe kufa m'maola ochepa.

Tsono mbali yotsala ndi ya makolo. Mwana amene chimfine chake chapyola masiku 10, kapena amene watupa chikope kapena pamphumi, akusanza, akumva mutu kwambiri, kapena akungosinza, anyamulidwe tsiku lomwelo. Kudontheza mankhwala a zitsamba m'diso lotupa ndiko kutaya maola amene dokotala akanapulumutsa nawo disolo.