Kodi Ntchito ya Wofufuza za Matenda Tiiyese ndi Chiyani?

Kale mlimi ankadziwika ndi nkhokwe yake, mlenje ndi nyama imene wagwetsa. Koma lero, akuluakulu a masukulu a ukachenjede akakhala pansi kuti aone woyenera kukwezedwa pa udindo kapena kupatsidwa ndalama za kafukufuku, amayamba ndi kufunsa kuti zolemba za munthuyo zatchulidwa kangati ndi anzake. Mwambowu unazika mizu pamene Eugene Garfield wa ku America anatulutsa Science Citation Index mu 1964, ndipo mu 2005 Jorge Hirsch anaufupikitsa kukhala nambala imodzi yotchedwa h-index: munthu amene ali ndi mapepala 20, lililonse lotchulidwa kosachepera ka 20, nambala yake ndi 20. Sindikana kuti muyesowu uli ndi phindu, pakuti umatchinjiriza wachinyamata wakhama ku tsankho la akuluakulu ake. Chimene ndikukana ndi kuupatsa mpando wa woweruza uli wokha.

Pakuti kutchulidwa si kuvomerezedwa. Pepala la Andrew Wakefield la mu 1998, limene linanamizira katemera wa chikuku kuti amasokoneza ubongo wa ana, linatchulidwa kosawerengeka, kawirikawiri ndi olitsutsa, ndipo magazini ya The Lancet, imene inalifalitsa, inalichotsa mu 2010. Komatu makina owerengera sasiyanitsa kutama ndi kudzudzula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komanso kusatchulidwa si kupanda phindu: wofufuza Katalin Karikó anatsitsidwa udindo ku University of Pennsylvania mu 1995 atasowa omuthandiza ndi ndalama, ndipo zimene analemba ndi Drew Weissman mu 2005 zinakhala zaka osasamalidwa kwenikweni, mpaka zinabala katemera wa Covid-19 ndi mphoto ya Nobel ya 2023. Akadamuyesa ndi nambala pa zaka zowawazo, akadamupeza wopepuka.

Chimene chimandikhudza koposa chili pafupi ndi ife. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, imene dziko lonse limaitcha Blantyre Coma Score. Taganizani za namwino wa usiku pa chipatala chaching'ono, mayi atamufikira ndi mwana wolefuka kumbuyo: amayang'ana ngati maso akutsata nkhope ya mayiyo, amatsindika pa chikhadabo kuti aone ngati mwana akubweza dzanja, amamvetsera kalilidwe kake, nawerenga kuyambira 0 mpaka 5, akapeza 2 kapena kutsika apo, amadziwa kuti nthawi yocheza yatha. Namwinoyo salemba pepala, satchula dzina la munthu, ndipo palibe kompyuta imene idzawerenge usiku umenewo. Koma m'manja mwake ndi momwe kafukufukuyo akubala zipatso. Momwemonso ganizo la Malawi la mu 2011, lopatsa amayi onse oyembekezera amene ali ndi HIV mankhwala a moyo wonse, lotchedwa Option B+, limene bungwe la WHO linadzalilandira pambuyo pake, silingakwane m'nambala ya munthu mmodzi.

Za mgwirizano, n'zoona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kafukufuku wa katemera wa tayifodi amene anachitika ku Blantyre pa ana oposa 28,000 sakadatheka popanda manja ambiri a kuno ndi a kunja. Koma kuwerenga maina pa pepala sikutiuza amene anasenza mbali yolemera. M'zolemba za zachipatala ulemu umapita kwa dzina loyamba ndi lomaliza. Ndipo kawirikawiri mwana wa m'dziko, amene anakambirana ndi mafumu, napempha chilolezo cha makolo, nasunga magazi m'firiji magetsi atazima, amapezeka atakwiriridwa pakati pa mndandanda, kapena m'mawu othokoza okha.

Mu 2012 asayansi amene anasonkhana ku San Francisco anagwirizana kuti munthu aziyesedwa ndi zimene walemba, osati ndi kutchuka kwa magazini imene walembamo. Ndipempha akuluakulu a Kamuzu University of Health Sciences ndi onse okhala m'makomiti okweza anthu kuti apitirire pamenepo: pambali pa nambala, afunse wofufuza aliyense funso la kafukufuku limene anabala yekha, ophunzira amene wawalera kufikira kuima paokha, ndi ndondomeko ya chithandizo imene yasintha m'zipatala zathu chifukwa cha thukuta lake.