MANKHWALA A MATENDA A MAGANIZO SAGWIRA NCHITO TSIKU LIMODZI

M'midzi ya Lundazi munthu akasiya kudya, osagona tulo, osafuna kupita kumunda, nkumangokhala ndwii pakhonde, abale ake amayamba ndi ng'oma ya vimbuza kapena kupita naye kwa sing'anga. Akafika ku cipatala amapatsidwa amitriptyline, mwina fluoxetine. Pakapita sabata imodzi popanda kusintha, ambiri amataya mapiritsi aja nati mankhwala acizungu alephera. Kumeneku nkulakwa, ndipo umboni wake unacokera kwa makoswe.

Anthu a Kum'mawa adziwa mbewa ngati ndiwo, koma akatswiri a zamankhwala amaweta mbewa ndi makoswe kuti aphunzirepo za bongo. Mu 1987 Paul Willner ndi anzake ku Britain anasautsa makoswe pang'onopang'ono kwa masabata angapo: kuwayatsira magetsi usiku wonse, kupendeketsa khola, kunyowetsa pogona, kuwamana cakudya kwa kanthawi. Khoswe wabwinobwino amakonda madzi a shuga kopambana. Makoswe osautsidwa aja analeka kuwasamala, monga momwe wodwala maganizo amasiyira nsima ya nkhuku ili pamaso pake. Atayamba kulandira mankhwala a mtundu umodzi ndi amitriptyline sanasinthe msanga ai. Cilakolako ca shuga cinabwerera patapita masabata 2 mpaka 4.

Nanga kucedwaku kucokera kuti? Mankhwalawa amacurukitsa serotonin ndi noradrenaline, timadzi tonyamula uthenga pakati pa maselo a bongo, m'maola ocepa cabe. Koma bongo weniweniwo umafuna nthawi. Mu 2000 gulu la Ronald Duman pa Yale University ku America linapeza kuti makoswe olandira fluoxetine amamera maselo atsopano m'cigawo ca bongo cochedwa hippocampus, cimene cithandiza kukumbukira ndi kupirira mabvuto. Pa tsiku loyamba ndi lacisanu panalibe kanthu. Maselo anacuruka pa masiku 14 ndi 28. Mlimi aliyense adziwa kuti feteleza wothira lero sabiriwiritsa cimanga mawa m'mawa, ndipo palibe amene amazula mbeu cifukwa ca ico.

Komabe khoswe si munthu. Sanganene kuti mtima wake ukuwawa, alibe ngongole ya feteleza, samwalira mwana nkukhala akumulira zaka. Cotero zopezeka m'makola a makoswe ziyenera kulandiridwa mosamala. Mu 2022 Joanna Moncrieff ndi anzake anasanthula kafukufuku wambiri napeza kuti palibe umboni wokwanira wakuti matendawa amabwera cifukwa ca kucepa kwa serotonin. Izi sizitanthauza kuti mapiritsi ngacabe. Mu 2018 magazini ya zamankhwala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa mitundu 21 ya mankhwalawa pa anthu, ndipo yonse inaposa mapiritsi opanda mankhwala m'kati, ngakhale kuti ina inaposa pang'ono cabe. Wodwala pang'ono angathandizidwe ndi uphungu wokha. Wodwala kwambiri afunika zonse ziwiri.

Ng'oma ya vimbuza ilibe mlandu ngati isonkhanitsa abale kuti asamale wodwala wao. Mlandu umayamba pamene wina alamula kuti mapiritsi aikidwe pambali.

Wodwala adziwe kuti zobvuta za amitriptyline zimafika msanga kuposa zabwino zake: kuuma m'kamwa, tulo tambiri, cizungulire poimirira. Ncifukwa cake amamwa usiku pogona, ndipo kacasu asayandikire. Adikire masabata 4 mpaka 6 asanaweruze, ndipo akapeza bwino apitirize miyezi 6 kapena kuposapo, osasiya mwadzidzidzi popanda kufunsa a cipatala.

Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima. Ngati wodwala wanenapo zodzipha, mapiritsi asungidwe ndi mbale wamkulu amene adzimpatsa a tsiku lokhalo, mankhwala opopera thonje acotsedwe m'nyumba, ndipo wodwalayo abwezedwe ku cipatala tsiku lomwelo.